Wodwala Mtima Asasiyidwe Yekha

Caka catha alamu anga anagonekedwa m'cipatala katatu. Miyendo inali kutupa, mpweya unali kuwathera, ndipo usiku anali kugona cokhala. Madotolo anati mtima wao wafooka, sukupopa magazi mokwanira. Nthawi zonse anali kutuluka ali bwino, koma kutupa kukangotha anali kuleka mankhwala, ifenso osadziwa kanthu.

Bvuto limeneli si lathu tokha. Mu 1995, dotolo Michael Rich ndi anzake a ku St. Louis, ku America, anafalitsa zimene anapeza pa okalamba 282 odwala nthenda yomweyi. Ena anathandizidwa monga mwa masiku onse. Ena anasamalidwa ndi gulu: namwino wophunzitsa wodwala ndi banja lake, katswiri wa zakudya, dotolo wopenda mankhwala, ndiponso anthu owayendera kunyumba. Pa masiku 90, oyamba aja anabwerera m'cipatala maulendo 94, koma osamalidwa ndi gulu maulendo 53 cabe.

Tsono m'gulu lotere ife apabanja tilinso ndi mbali yathu. Pitani naye wodwala ku kiliniki, mukamve nokha malangizo. Cepetsani mcere m'ndiwo. Ngati sikelo ilipo, mupimeni m'mawa uliwonse. Akaonjezera makilogalamu oposa 2 pa masiku 3, ndiye kuti madzi akuculuka m'thupi, fulumirani naye kucipatala. Mankhwala asaleke popanda mau a dotolo.

Alamu anga tsopano tikuwasamala motero. Pajatu akulu anati mutu umodzi susenza denga.