Za Umoyo: Fungo la mpungabwe ndi bala la khasu

Mvula ikagwa ku Domwe udzudzu umachuluka, ndipo madzulo amayi ambiri amathyola mpungabwe nkuufukiza m'nyumba. Ena amautikita m'manja nkudzola m'miyendo. Nzeru imeneyi ndi yamakolo, ndipo akatswiri a sayansi sakuitsutsa.

Fungo lija limachokera ku mafuta amene ali m'timatumba ting'onoting'ono ta pamasamba. Akatswiri amawatulutsa monga momwe amatchezera kachasu: nthunzi imadutsa m'masamba, imalowa m'paipi yozizira, kenaka mafuta amayandama pamwamba pa madzi. Amatuluka pang'ono zedi, mwakuti thumba lathunthu la masamba silidzaza nkapu yomwe.

Mpungabwe uli ndi mbale wake wa ku Ulaya wotchedwa catnip, amene amphaka ambiri akaununkhiza amagubuduka ngati aledzera. M'chaka cha 1941 Samuel McElvain wa pa yunivesite ya Wisconsin ku America anapeza kuti gawo lalikulu la mafuta a chitsambachi ndi mankhwala otchedwa nepetalactone. Mu 2001 akatswiri a ku Iowa State University analengeza kuti mankhwalawa amathamangitsa udzudzu kwambiri. Mpungabwe ulibe nepetalactone. Uli ndi ake monga camphor ndi linalool, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi mtundu wa chitsambacho, nthaka ndi nyengo. Wa m'munsi mwa phiri la Domwe ungathe kusiyana mphamvu ndi wa ku Dedza, ngakhale maonekedwe ali amodzi.

Nanga pa tizilombo toyambitsa matenda? Apa mpamene pagona nkhani. Akatswiri akadontheza mafuta a catnip kapena a mpungabwe m'kambale momwe akuweta tizilombo, tina timaleka kuswana, makamaka Staphylococcus aureus kamene kamabweretsa zithupsa ndi mafinya. Tina tokhala ndi khungu lolimba kawirikawiri sitimva msanga. Komatu kambale si thupi la munthu. M'kambale amathiramo mafuta enieni osasungunula, pamene mlimi wodzitema ndi khasu amangofinyira pabala madzi a masamba angapo, mwinanso afumbi, nkumanga ndi kansanza. Mafuta enieniwo akafika pabala amaotcha mnofu, ndipo kumwa nkoopsa, makamaka kwa ana ndi amayi apakati.

Choopsa kwambiri kuno ku Angonia, dziko la ng'ombe, ndi kafumbata. Mbewu za tizilombo take zimakhala m'dothi ndi m'ndowe zimene alimi amathira m'minda ya chimanga ndi m'madimba a mbatatesi. Mbewuzi nzolimba, zimapirira ngakhale kutentha kwakukulu, ndiye tsamba lonunkhira lingazitani? Zimakonda bala lakuya lomangidwa losapita mpweya. Pakadutsa masiku 3 mpaka 21 munthu amayamba kuuma nsagwada ndi khosi, ndipo ambiri ofika pamenepa sachira, pomwe bala lija mwina linapola kale pamwamba.

Munthu akadzitema atsuke bala ndi madzi aukhondo ambiri ndi sopo mpaka dothi lonse lichoke, alifunditse kansalu kochapa, ndipo tsiku lomwelo apite kuchipatala cha ku Domwe kapena cha ku Ulongwe kuti achipatala aone ngati akufunika jekeseni ya kafumbata. Mpungabwe usungidwire udzudzu wamadzulo, koma utsi wake sukhalitsa, pamene udzudzu wa malungo umaluma kwambiri pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Nthawi imeneyo nja neti.