Gemu ikamachedwa, musathamangire kuda foni

M'makwalala a ku Kawale, Biwi ndi ku Chinsapo, anyamata osewera magemu a pa intaneti ali ndi dandaulo limodzi: munthu adina batani kuti awombere mdani kapena amenye mpira, koma gemu iyankha mochedwa, mnzake wa ku Ulaya atapambana kale. Ambiri amada foni, ena amavutitsa makolo kuti awagulire yatsopano kapena bandulo yaikulu. Zoona zake n'zakuti nthawi zambiri vuto silikhala m'manja mwa mwana ayi, koma ndi mtunda.

Magemu ochuluka a anthu ambiri amayendetsedwa ndi kompyuta yaikulu yotchedwa seva. Wosewera akadina batani ku Area 25, uthenga umapita kuseva ija n'kubwerako. Nthawi ya ulendo umenewu ndiyo osewera amaitcha ping. M'nthambo za faiba uthenga umathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, koma ngakhale liwiro lotere limagonja ndi mtunda. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000, choncho kupita ndi kubwera sikungachepere mamilisekondi 80. Kunena zoona amaposa pamenepo, chifukwa Malawi alibe nyanja yamchere ndipo nthambo zimadzera ku Mozambique kapena ku Tanzania kukalumikizana ndi za pansi pa nyanja monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Pomwe Johannesburg ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 okha.

Ndiye bwanji osewera onse osangosankha seva ya ku South Africa? Apa ndi pomwe pagona nkhani. Magemu ena monga Dota 2 ndi Counter-Strike ali ndi maseva ku South Africa, koma ena alibiretu muno mu Africa. Komanso pomwe seva ilipo, osewera akachepa munthu amadikira nthawi yaitali kuti apeze wopikisana naye. Akatopa amathawira kumaseva a ku Ulaya komwe kuli chinamtindi cha anthu. Eni magemu akaona seva ili pululu amati kuno kulibe msika, ndipo saonjezera ina. Motero kuthawako kumakulitsa vuto lomwe amalithawa.

Osewera a ku Area 23 ndi ku Mgona angachite bwino kugwirizana nthawi imodzi yolowera paseva yapafupi, poti mutu umodzi susenza denga. Seva imadzadza ndi anthu opangana, osati odikirana.

Makolo nawo adziwe kuti bandulo yaikulu sifupikitsa mtunda. Ndalama ya ufa isathere pa foni yodula poganiza kuti kuchedwako kutha. Choyamba mwana aone kaye seva yomwe wasankha ndi nambala ya ping yomwe gemu ikuonetsa.

Udindo wina uli ndi TNM, Airtel komanso bungwe la MACRA. Kampani ya Microsoft idatsegula malo a maseva ku South Africa mu 2019, Amazon n'kutsatira ku Cape Town mu 2020. Chofunika n'chakuti mauthenga ochokera ku Malawi azifika kumeneko mwachindunji, osayamba azungulira kutali. Si nkhani ya masewera okha. Njira yomwe imachedwetsa gemu ya mnyamata wa ku Biwi ndi yomweyo imadula mawu mayi akamalankhula pa vidiyo ndi mwana wawo wa ku Joni.