Mwana akati sapembedza, funsani dzina limene wadzisankhira

Awerengi athu a kumudzi, ndi mabanja owerengeka ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza ndi ku Petauke amene alibe mbale wao ku Migodi. Ena anapita kukakumba mkuwa, ena kukaphunzira pa Copperbelt University ku Kitwe, ndipo ena anabadwira komweko m'makomboni a Wusakile ndi Chimwemwe ku Kitwe, kapena Chifubu ndi Kabushi ku Ndola. Pakati pa ana amenewa pali ena, ngakhale ali ocepa, amene akabwera kudzaceza sapita nao ku chalichi tsiku la Sondo. Makolo akafunsa, yankho limabwera m'Cingerezi. Wina amati ndi atheist, wina agnostic, wina humanist. Makolo amangoti kakasi, ndipo lisanalowe dzuwa anansi amakhala atampatsa kale mwanayo dzina lao lomveka bwino: wa Satana.

Ife tikuti dzina limene munthu wadzisankhira yekha liyenera kumvedwa poyamba, cifukwa dzina locita kumpatsa anthu okwiya limapasula banja, ndipo nthawi zina limapha.

Tiyambe taona maina atatu aja, pakuti sali cinthu cimodzi. Atheist ndi mau ocokera ku Cigiriki, ndipo amanena munthu amene sakhulupirira kuti kuli Mulungu. Agnostic ndi mau amene anapanga Mngerezi wina wa sayansi, Thomas Huxley, m'caka ca 1869, ndipo mwini dzinali amati nkhani ya Mulungu njosatheka kuidziwa motsimikiza, conco iye savomera ndiponso sakana. Humanist amati ciweruzo ca cabwino ndi coipa acipeza poyang'ana cimene cithandiza kapena kupweteka munthu mnzake, osadikira mphotho kapena cilango ca kumwamba. Palinso anthu ambiri amene angoleka mpingo cifukwa cokhumudwa ndi zopereka kapena khalidwe la atsogoleri, koma usiku amapemphera ndithu. Kuwaika onsewa m'thumba limodzi kuli ngati kunena kuti mapira, mawere ndi cimanga ndi mbeu imodzi.

Nanga n'cifukwa ninji mnyamata wa ku Ndola amasankha dzina ili ndi kusiya linalo? Kawiri-kawiri amayamba wayang'ana amene akumfunsa. Matauni a ku Migodi ndi malo a mapemphero kuyambira kale. Mindolo Ecumenical Foundation inakhazikitsidwa ku Kitwe mu 1958, ndipo pa Mindolo pomwepo m'pamene mpingo wa United Church of Zambia unabadwira mu January 1965. Frederick Chiluba, amene anagwirapo nchito ku Ndola ndi kutsogolera bungwe la anchito la ZCTU, atakhala Pulezidenti analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mau amenewo analowa m'malamulo akulu a dziko mu 1996. Kalembera wa 2010 anapeza kuti pa anthu 100 alionse, oposa 95 anali Akristu, ndipo osakwana awiri ndiwo anati alibe cipembedzo. Munthu wa m'kagulu kocepa cotere amadziwa kuti liu limodzi likhoza kumcotsera nyumba ya lendi, mbeta imene akufuna kukwatira, ngakhale anthu odzamlira pa maliro ake. Conco ambiri amathawa dzina la atheist, limene limangochula cimene munthu wakana, natenga la humanist, limene limachula cimene wavomera. Bungwe lao lina m'dziko muno linatenga maina onse awiri, nilichedwa Humanists and Atheists of Zambia.

Koma kwathu kuno dzina la humanist lili ndi mbiri yake-yake, ndipo apa m'pamene agogo ndi mdzukulu amasemphana. Mu 1967 cipani ca UNIP cinalandira nzeru za Humanism za Dr Kenneth Kaunda monga maziko oyendetsera dziko. Kaunda anali mwana wa mlaliki wa pa mishoni ya Lubwa, ndipo Humanism yake inali yolemekeza munthu monga colengedwa ca Mulungu. Pamene ena m'cipani anafuna kulowetsamo ciphunzitso ca Karl Marx, mabungwe atatu a mipingo analemba kalata imodzi mu 1979 yocenjeza kuti ciphunzitso cimeneco cikana Mulungu. Tsono agogo akamva mdzukulu akuti ndi humanist amakumbukira za Kaunda nagwedeza mutu movomera, pamene mdzukuluyo akunena cina. Liu ndi limodzi, matanthauzo awiri, ndipo cotsala ndi kufunsa basi. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ife Acewa, Ansenga ndi Angoni tiyenera kudziwa kuposa onse kuwawa kwa dzina lopatsidwa ndi ena. Makolo athu anali kuchula Cauta, Namalenga ndi Mphambe, anali kuthira nsembe pa kacisi popempha mvula, komabe amishoni atafika anawacha akunja, ngati kuti sanamvepo za Mlengi. Ngakhale Akristu oyamba mu ufumu wa Roma anali kunenedwa kuti ndi anthu opanda mulungu, ndi liu lomwelo la atheist, popeza anakana kupembedza milungu ya boma, ndipo ena anaphedwa pa mlandu umenewo.

Dzina la wa Satana ndi lonama pa munthu wosapembedza, pakuti amene sakhulupirira Mulungu sakhulupiriranso Satana. Ndiponso ndi dzina loopsa. Mu 2005 khamu la anthu ku Lusaka linaphwanya nyumba za mpingo wa Universal Church of the Kingdom of God cifukwa ca mphekesera za Usatana. Mu 2020, pamene mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku imene inayambira ku Chingola inafalikira dziko lonse, makamu anapha anthu ambiri mongowaganizira, popanda bwalo lililonse lowazenga mlandu. Khamu likalandira dzina silifunsanso umboni. Ku Malawi, George Thindwa ndi bungwe lake la Association for Secular Humanism, anthu osapembedza amene ambiri anali kuwanyoza, ndiwo anamenyera nkhalamba zomangidwa pa milandu ya ufiti kuti zimasulidwe.

Ena adzati maina onsewa ndi cinyengo cabe, ndi njira yobisa kukana Mulungu m'mau okoma. Pali coona pang'ono pamenepo. Cifukwa cace tikuwauza anyamata ndi atsikana a ku Migodi kuti kubisala m'Cingerezi pamaso pa amai ako amene sanapite ku sukulu si ulemu. Ngati sukhulupirira, nena m'cinenero cathu modzicepetsa kuti, "Amai, ine za Mulungu sindizikhulupirira," kapena kuti, "Amai, ine ndikali kufunsa." Usanyoze pemphero lao, usakane kusenza maliro, usaleke kutumiza thandizo kumudzi. Koma mwana sanganene zoona ngati akudziwa kuti malipiro a zoonazo ndi kupitikitsidwa pa khomo. Amene afuna kuuzidwa zoona ayenera kuyamba waika ndodo pansi.

Malamulo akulu a dziko lathu, monga anakonzedwera mu 2016, amachula Zambia dziko la Cikristu, koma m'ndime yomweyo amasunga ufulu wa munthu aliyense pa cikumbumtima ndi cikhulupiriro cace. Mafumu, anyakwawa ndi akulu a mipingo adziwe kuti ufulu umenewu sutsalira ku Kitwe, umafika ndi kumudzi komwe.

Conco inu makolo, mwana akachula dzina lacilendo, muyalireni mphasa, mumfunse tanthauzo lake, mumfunsenso cimene cinamfikitsa pamenepo. Ngati ndinu wopemphera, mumpempherere, mutsutsane naye mwamtendere, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma musalole munthu wa khomo lina kumucha dzina limene iye sanalisankhe.