Basiketibo ifike ku Nsaru

Mpira wa miyendo uli ndi mawu ake m'Chichewa: chigoli, goloboyi, kumwetsa, kuchinya. Mpira wa manja wa atsikana tinaupatsa kale dzina lokoma lakuti ntchembere mbaye. Koma basiketibo ilibe dzina. Timangopinda lilime n'kutchula la eni ake. Kwa ine wophunzira za zilankhulo, umenewu ndi umboni wakuti masewerawa sanafikebe kumudzi, pakuti chinthu chimene anthu achilandira ndi manja awiri amachipatsa dzina. Kwathu ku Nsaru ambiri amati amenewa ndi masewera a ana a mabwana a ku Area 47. Maganizo anga ndi akuti tikuwamana achinyamata athu chinthu chimene chikanawathandiza.

Fodya akatha kumangidwa ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe, mnyamata wa pa Nsaru amakhala ndi miyezi yambiri yongokhala. Wamwayi amapeza njinga ya kabaza. Enawo muwapeza m'nyumba zoonetsera vidiyo, pa njuga kapena pa kachasu. Timu ya mpira wa miyendo ilipo, koma imatenga anthu 11 okha ndipo imafuna bwalo lalikulu. Mtsikana amene wasiya sukulu, naye ntchembere mbaye amaisiyira pomwepo, ndipo chotsatira chake chimakhala banja.

Ena adzati basiketibo ndi yodula. Ndikuvomera kuti simenti yakwera mtengo, komanso mpira wake sudunda bwino pa fumbi. Komabe tiyeze. Bwalo la basiketibo ndi mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, kutanthauza kuti limakwana m'kati mwa bwalo la ntchembere mbaye, limene limapezeka pafupifupi pa sukulu ya pulayimale iliyonse. Mkombero wa masewera awiri onsewa umakhala mamita 3.05 kuchokera pansi. Chotsala ndi thabwa la kumbuyo, ndipo akalipentala pa Nsaru sasowa. Palinso mtundu wa osewera atatu mbali iliyonse, wofuna theka la bwalo ndi mkombero umodzi, umene unaseweredwa ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021. Ndiponso tisaiwale kuti James Naismith, amene anayambitsa masewerawa ku Springfield mu 1891, anangokhoma madengu awiri a mapichesi. Anthu amene amaumba njerwa zomangira tchalitchi chathunthu sangalephere kuyala theka la bwalo.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi chitsanzo cha timu ya Bravehearts ya mu Lilongwe, imene Griffin Kalua anaiyambitsa mu 2015. Timuyi inamangiriza mpira ku sukulu, ndipo imathandiza osewera ake, anyamata ndi atsikana, kupeza mwayi wa maphunziro. Mu 2024 inafika mu ndime ya Elite 16 ya mpikisano wolimbirana malo mu Basketball Africa League. Ubwino wa basiketibo suli mu mpira weniweniwo ayi. Uli mwa mphunzitsi wa timu amene amafunsa lipoti la kusukulu mwana asanalowe m'bwalo. Ku America nako, achinyamata a mitundu ya eni nthaka kumeneko, monga a Navajo, anawatenga masewerawa n'kuwasandutsa awoawo, mpaka anawapatsa dzina lakuti rez ball.

Boma linamanga Griffin Saenda Sports Complex mu Lilongwe pokonzekera masewera a achinyamata a Region 5 a mu 2022. Nyumbayo ndi yokongola, koma mwana wa kwa Kabudula sangalipire minibasi kupita kumeneko madzulo aliwonse. Ndikupempha bungwe la BASMAL kuti lisankhe sukulu imodzi ya sekondale yoyendera pa Nsaru, liphunzitse aphunzitsi awiri malamulo a masewerawa, lisiyepo mipira ingapo. Mafumu ndi komiti ya sukulu asonkhe njerwa ndi mchenga. Za dzinalo tisavutike nazo kuno ku yunivesite. Ana a pa Nsaru akadzayamba kuponya adzalipeka okha.