Alovera wanu safuna mankhwala a thonje

M'dzinja lapitali ndinali ku Lifuwu m'boma la Salima, komwe alimi ena anandiitana kuti ndikaone minda yawo ya mpunga. Pobwerera, mayi wina anandiimitsa pakhomo pake nati, "Alangizi, musangodutsa ayi, tabwerani mudzaone maluwa angawa."

Pakhonde panali zitini ndi ndowa zakutha zoposa 20, momwe mayiwo anadzalamo alovera, kaloga ndi timaluwa tina ta masamba onenepa. Maluwawa amawagulitsa kwa eni malo ogona alendo ku Senga Bay, ndipo ndalama yake ndi imene imagula sopo, mchere ndi makope a ana. Koma tsikulo theka la maluwawo linali litafota. Masamba a m'munsi anali ofewa ngati nthochi yakupsa, ndipo m'mphanda mwa masamba munali timiulu toyera ngati thonje.

Nditawafunsa chomwe anachitapo, mayiwo analowa m'nyumba ndi kutulutsa kabotolo kopanda dzina. Anati wogulitsa pamsika anawauza kuti ndi mankhwala a thonje ndipo amapha chilichonse. Anali atapopera kale katatu koma tizilombo tinalipobe. Pamene timakambirana, mdzukulu wawo amakwawa pakhonde lomwelo, uku akugwira zitini ndi kuika manja m'kamwa.

Alimi anzanga, maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa: maluwa ndi zomera za masamba onenepa sizikufa chifukwa chosowa mankhwala. Zikufa chifukwa cha madzi ochuluka ndi dothi losayenera. Tizilombo timangobwera kudzatsiriza chomera chimene ife eni tachifooketsa kale. Choncho kuthamangira mankhwala a thonje ndi kutaya ndalama, ndiponso ndi kuika moyo wa ana, ziweto ndi nsomba pachiswe.

Ena anena kuti, "Tsamba la alimi lingakambe za maluwa? Maluwa sadyedwa." Zoonadi sadyedwa. Koma taonani bwino m'mudzi mwanu. Nkhadze imene yatchinga munda kuti mbuzi zisalowe ili m'gulu lomweli la zomera zosunga madzi m'thupi mwake. Khonje amene timapotera zingwe ndi wa gulu lomweli. Alovera amene amayi amapaka pa khungu akapsa pang'ono kukhitchini nayenso ndi wa gulu lomweli. Kasamalidwe kake ndi kamodzi. Komanso banja limene likupeza kangachepe pogulitsa maluwa liri pa ulimi ndithu, ngati mmene aliri mlimi wa tomato.

Tiyambe ndi dothi. Lifuwu ndi dera la mpunga, ndipo n'chifukwa chake boma linaikako siteshoni ya kafukufuku wa mbeuyi. Mpunga umachita bwino kumeneko chifukwa dothi lakuda la makande la m'dambo limasunga madzi kwa nthawi yaitali. Alimi ambiri akaona dothi lakuda amati ndilo lachonde, basi n'kulikumba kukadzaza m'chitini cha alovera. Apa ndi pamene vuto limayambira. Dothi limene mpunga umalikonda ndi lomwelo limene limapha alovera ndi kaloga.

Zomerazi zinachokera ku madera ouma. Kaloga kwawo ndi ku Mexico, khonje nayenso kwawo ndi komweko. Zimasunga madzi m'masamba ndi m'tsinde, ndipo zambiri mwa izo zimatseka timabowo topumira ta pa masamba masana n'kutitsekula usiku kukazizira, pofuna kuti madzi asatayike. Mizu yake imafuna kumwa madzi kamodzi kenaka n'kuuma. Ikakhala m'matope kwa masiku angapo imasowa mpweya ndipo imayamba kuola.

Chomvetsa chisoni n'chakuti muzu ukaola, chomera chimalephera kukoka madzi ndipo masamba amafota ngati chikumva ludzu. Mwini wake akaona choncho amaonjezera madzi ena. Potero amakhala akuthira mchere pachilonda.

Nanga mungadziwe bwanji ngati vuto ndi ludzu kapena madzi ochuluka? Gwirani tsamba. Ngati lauma, lakwinyika ndipo lapyapyala koma tsinde liri lolimba, chomeracho chili ndi ludzu ndipo chitsitsimuka mukachithirira. Ngati tsamba lafewa, lachita chikasu, likuthothoka lokha mukangolikhudza ndipo tsinde lada m'munsi, ndiye kuti mizu yaola. Pisaninso chala chonse m'dothi. Mukamva chinyontho, musathirire.

Chomera choola chingathe kupulumuka mukachipeza msanga. Chizuleni m'chitini ndi kusasa dothi lonse. Tengani mpeni wakuthwa, muupititse pamoto, ndipo mudule mizu yonse yakuda ndi yofewa. Ngati kuola kwakwera m'tsinde, pitirizani kudula mpaka mutafika poyera popanda banga. Pakani phulusa louma pa balalo ndipo muchigoneke pamthunzi pouma kwa masiku 3 mpaka 7 kuti bala liume. Musachite mantha, sichifa. Madzi amene chinasunga amachikwanira.

Pokonza dothi latsopano, sakanizani magawo 2 a mchenga wa njere zikuluzikulu, gawo 1 la dothi la pansi pa mtengo lokhala ndi manyowa owolerana, ndi gawo 1 la zidutswa za njerwa zootcha kapena makala. Mchenga wosalala kwambiri ngati ufa si wabwino chifukwa umatsekeka ukanyowa. Boolani mabowo osachepera 5 pansi pa chitini ndipo muchiike pamwamba pa miyala kuti madzi adzituluka. Mukadzala, dikirani sabata yathunthu musanathirire. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chotsani zitini pamene madzi a padenga amagwera. M'miyezi yozizira ya mwera thirirani mwa apo ndi apo. M'chilimwe, kamodzi pa sabata n'kokwanira, koma chala chanu ndicho chiweruze.

Za dzuwa nazo n'zofunika. Chomera chokhala m'chipinda cha mdima chimatalika mowonda n'kupendekera kuwindo. Koma mukachitulutsa mwadzidzidzi pa dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno, masamba amapsa n'kuchita zipsera. Chizoloweretseni pang'onopang'ono, poyamba dzuwa la m'mawa lokha, kwa masabata awiri.

Tsopano tibwere ku tizilombo toyera tija. Anthu a m'mbali mwa nyanja amatidziwa bwino, chifukwa ndi abale a kodikodi amene anasakaza chinangwa. Kodikodi anachokera ku South America ndipo anaoneka koyamba mu Africa, m'dera la Congo, cha m'ma 1973. Kuno kwathu anafika m'boma la Nkhata Bay m'chaka cha 1985, ndipo mabanja amene chakudya chawo ndi kondowole anagona ndi njala.

Funsani akuluakulu kuti chinathetsa mliriwo n'chiyani. Sanali mankhwala opopera. Akatswiri anapeza ku Paraguay kachilombo konga mavu, kochepa kuposa njere ya chitowe, kamene kamaikira dzira m'thupi mwa kodikodi. Dziralo likaswa, kamphutsi kamadya kodikodi kuchokera m'kati. Bungwe la IITA la ku Nigeria linaweta tizilomboti ndi kutimwaza m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Amene anatsogolera ntchitoyi, Dr Hans Herren, analandira mphoto ya World Food Prize m'chaka cha 1995.

Kachilombo aka kamagwira kodikodi wa chinangwa yekha. Koma kodikodi wa pa maluwa nayenso ali ndi adani ake: timavu tina ting'onoting'ono ndiponso tizilombo tija tobulungira, tofiira ndi madontho akuda pamsana. Mukapopera mankhwala amphamvu, adani amenewa ndi amene amayamba kufa chifukwa amayenda poyera. Kodikodi amatsala, popeza wadzikuta ndi phula loyera limene madzi salowa, ndipo amabisala m'mphanda mwa masamba ndi m'mizu. Pakapita masabata ochepa amachuluka kuposa kale chifukwa womudya palibe. Izi ndi zimene zinachitika pakhonde pa mayi aja. Ndipo ngati chinangwa chanu chili kuseri kwa nyumba, mphepo ikauluzira mankhwalawo kumeneko mukupha mlonda amene dziko linavutika kumupeza.

Palinso zoopsa zina. Mankhwala monga dimethoate amalowa m'thupi kudzera pa khungu ndi m'kamwa, ndipo mwana wamng'ono sachedwa kudwala nawo. Cypermethrin amapha nsomba ngakhale atakhala wochepa kwambiri m'madzi. Ku Lifuwu nyanja ili pakhomo, ndipo madzi otsukira pampu amathera m'ngalande ndi m'dambo momwe nsomba zimaswana. Alovera wopoperedwa ndi yemweyonso amene mawa adzapakidwa pa khungu la munthu.

Kodi njira yabwino ndi iti? Choyamba, patulani chomera chogwidwa, muchiike kutali ndi zinzake. Ngati tizilombo ndi tochepa, kulungani kathonje pa kamtengo, munyike mu sipiriti ndi kukhudza kachilombo kalikonse. Sipiriti amasungunula phula lija ndipo kachilombo kamafa pomwepo. Ngati tachuluka, sungunulani supuni imodzi yaikulu ya sopo wamba wochapira mu lita imodzi ya madzi ndipo mutsuke chomera chonse ndi kaburashi kotsukira mano kakutha. Musagwiritse ntchito sopo waufa chifukwa amaotcha masamba. Yambani mwayesa pa tsamba limodzi n'kudikira masiku awiri. Chitani izi madzulo dzuwa litapepa.

Mitengo ya nimu ndi yambiri ku Salima. Sinjani njere zake zouma zodzaza dzanja limodzi, muzinyike mu lita imodzi ya madzi usiku wonse, musefe ndi kansalu n'kupopera. Nimu amachititsa kuti tizilombo tileke kudya ndi kukula. Amathandizanso pa nsabwe za m'masamba. Chachikulu ndi kubwereza pakatha masiku 7 aliwonse, katatu kapena kanayi, chifukwa mazira amene anatsala amaswa. Ambiri amapopera kamodzi n'kunena kuti njirayi sigwira ntchito.

Musaiwale nyerere. Kodikodi amatulutsa timadzi totsekemera timene nyerere zimakonda, ndipo nyererezo zimamuteteza kwa adani ake ngati mmene mbusa amatetezera ng'ombe. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa chomera, fufuzani bwino. Wazani phulusa mozungulira chitini. Ngati chomera chikufookabe pamene masamba ndi oyera, zulani muone mizu, chifukwa kodikodi wina amakhala m'dothi. Tsukani mizuyo, muiumitse, ndipo dothi lakalelo mulitaye kutali. Chomera chimene chagwidwa kotheratu, dulani mphukira yabwino yodzala ndipo chotsalacho muotche.

Ndichenjezepo pa zinthu ziwiri. Podula nkhadze samalani maso, chifukwa utomoni wake woyera umaotcha koopsa. Ukagwera m'diso tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali ndipo thamangirani kuchipatala. Chachiwiri, musataye zidutswa za kaloga patchire, chifukwa tsamba lililonse logwa pansi limamera. Ku Australia kaloga anafalikira pa mahekitala pafupifupi 24 miliyoni pofika chaka cha 1925, alimi mpaka kuthawa minda yawo. Kumenekonso chinathetsa vutolo ndi kachilombo, kagulugufe kochokera ku Argentina kamene anayamba kukamwaza m'chaka cha 1926.

Sindikunena kuti mankhwala ogula alibe ntchito. Mlimi wa thonje amene mbozi zalowa m'munda mwake ayenera kupopera, motsatira malangizo olembedwa pa botolo ndiponso atavala zodzitetezera. Koma mankhwala aliwonse ali ndi mbeu yake ndi mlingo wake. Dziko lino liri ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndipo liri ndi bungwe la Pesticides Control Board loyang'anira malondawa. Ndikupempha bungweli ndi alangizi a boma kuti adziyendera misika ya m'midzi pafupipafupi, chifukwa timabotolo topanda dzina tikugulitsidwa poyera pambali pa tomato ndi usipa. Inunso ogula, musalandire botolo limene simungawerenge dzina lake. Safunsa anadya phula.

Ndisanachoke pakhomo pa mayi aja tinazula maluwa onse ofooka. Ambiri mizu yake inali yakuda ndi yonunkha. Tinadula, tinapaka phulusa ndi kuwayala pamphasa m'khonde la nkhokwe. Kabotolo kaja tinakachotsa m'nyumba. Nditadutsakonso mpunga utakololedwa, ndinapeza alovera wambiri ataphuka ana m'mbali, ndipo mayiwo anali atayambanso kugulitsa. Sikuti onse anapulumuka ayi. Amene kuola kunali kutafika pamtima anafa ndithu.

Tsono alimi anzanga, musanatulutse ndalama kukagula mankhwala, yambani mwapisa chala m'dothi, mutembenuze chitini muone ngati chili ndi mabowo, ndipo muyang'ane komwe nyerere zikupita. Mchenga, phulusa, sopo ndi nimu muli nazo kale pakhomo.