Mitsamiro ya ku Katoto: tachoka kuti, tikupita kuti?

Pakati pa amisiri a ku Katoto mumzinda wa Mzuzu pali ena amene amapeza chakudya podinda ndi kusoka mitsamiro. Ntchito yake ndi yapamanja. Amakunga kansalu kopyapyala pa felemu yamatabwa, n'kutseka timabowo take kupatula pomwe pali chithunzi, kenako amakankha penti ndi labala kuti idutse n'kutsikira pansalu. Mtundu uliwonse wa penti umafuna felemu yake, choncho mtsamiro wa mitundu itatu umadindidwa katatu usanasokedwe ndi kudzazidwa siponji. M'miyezi ya mvula ndi chifunga cha ku Mzuzu, penti imachedwanso kuuma.

Zaka zapitazi zawalemera amisiriwa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunaimitsa makina ambiri osokera. Anapulumuka ndi amene anasunga makina opalasa ndi phazi. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Penti, zipi ndi siponji zimadalira ndalama zakunja, ndipo zitenje zambiri za ku Taifa Market zimachokera ku Tanzania. Mitengo ya zipangizo itakwera, wogula anathamangira ku kaunjika kapena anangoti za mitsamiro ziyambe zadikira, ufa ndiwo woyamba.

Ntchitoyi sinafe, ndipo chaisunga ndi luso. Koma luso lokha silingapulumutse mmisiri amene amagula penti pang'onopang'ono pamtengo wa m'sitolo, payekha. Choyamba chofunika ndi mgwirizano, poti mutu umodzi susenza denga. Amisiri asanu kapena khumi atasonkha ndalama n'kuitanitsa zipangizo pamodzi, mtengo ungatsike, ndipo oda yaikulu, monga ya ukwati kapena ya nyumba yogona alendo, angaimalize panthawi yake.

Chachiwiri ndi zomwe tikudinda. Maluwa otengera pa intaneti sangapikisane ndi katundu wa ku fakitale. Mlendo wogona ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche amafuna chinthu chomwe sangachipeze kwawo: mbidzi za ku Nyika, nsomba za m'nyanja yathu, nthambi ya khofi wa ku Mzuzu, mwambi wa Chitumbuka. Apa mpamene dzanja la mmisiri wa ku Katoto limaposa makina.

Chachitatu ndi kawerengedwe. Ambiri amawerengera nsalu ndi penti koma amaiwala kuika mtengo pa maola awo. Kaundula wolembamo zolowa ndi zotuluka ndi wofunika kwambiri, ndipo ndalama za bizinesi zisamasakanikirane ndi za ndiwo.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Ndondomeko ya Buy Malawi inakhazikitsidwa mu 2016, koma thonje la ku Karonga, Salima ndi Balaka likupitabe kunja pomwe osoka athu akusaka nsalu ya m'mayiko ena. TEVETA ndi Mzuzu Technical College ziphunzitse kudinda nsalu pamodzi ndi kayendetsedwe ka bizinesi. Mahotela ndi maofesi a mumzinda uno, pofuna makushoni, ayambe kufunsa kwa amisiri akwathu asanaitanitse kunja. Oda imodzi yodalirika chaka chilichonse ingathe kusungitsa shopu ndi kulembetsa ntchito wachinyamata wina.