Amisiri Aang'ono a ku Kapata

Munthu woyenda m'Kapata Loweruka madzulo, akapatuka pang'ono kucokera pa msika ndi kulowa m'tinjira ta pakati pa nyumba, sacedwa kupeza kagulu ka anyamata atakhala pansi pa mtengo wa mango. Pakati pao pali mulu wa zinthu zimene akulu anataya: waya wopindika, zitini za mkaka, zotsekera mabotolo, masipoko a njinga, malegeni ndi patapata wakutha. Wina alikuongola waya pa mwala, wina alikuboola citini ndi msomali, ndipo pakamwa pao sipatsekeka ai. Akulu ambiri akaona zimenezi amapukusa mutu, nati ana a masiku ano ngaulesi, angotaya dzuwa ndi maceza ndi kusewera ndi zinyalala. Akuluwo alakwa, ndipo kulakwa kwao kumaononga amisiri asanakule.

Kale anyamata a kuno anali kupanga magalimoto, malole ndi njinga zokha, pakuti mwana amapanga cimene maso ace aona. Mzinda wa Chipata, umene pa nthawi ya ulamuliro wa Angerezi unali kuchedwa Fort Jameson, unakhala zaka zambiri wopanda njanji. Kumadzulo njanji inaoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls m'caka ca 1905, nifika ku Kabwe m'caka ca 1906. Ku Malawi sitima inalowa m'Blantyre m'caka ca 1908. Koma munthu wa kuno wofuna kuona sitima anayenera kuyamba wayenda ulendo wautali pa lole kapena pa basi. Njanji ya ku Malawi inadzafika ku Lilongwe m'caka ca 1979, ndi ku Mchinji m'caka ca 1980. Nchito yoifikitsa ku Chipata, mtunda wa pafupi makilomita 27, inayamba m'caka ca 1982, koma inaima nthawi yaitali cifukwa ca kusowa ndalama, ndipo njanjiyo inatsegulidwa mu August 2010. Mwana amene anabadwa caka cimene nchitoyo inayamba anali munthu wa zaka 28 tsiku lotsegulira. Ngakhale itatsegulidwa, sitima sizinayambe kubwera kawirikawiri. Koma kwa mnyamata wa maso akuthwa kuona kamodzi kumakwanira, ndipo tsono pansi pa mtengo paja ena ayesako kupanga sitima.

Sitima njovuta kupanga kuposa galimoto. Galimoto ya waya ili ndi ciongolero cacitali cimene mwini wace amagwira alikuyenda pambuyo pace, ndipo ikafuna kupatuka iye amaibweza. Sitima ilibe ciongolero. Imaongoledwa ndi njanji, ndipo ngati magudumu ace sanapangidwe bwino imangogwera pambali. Apa ndipo pamene pamayambira maceza amene akulu amawayesa acabe.

"Yagwanso, acimwene," atero wamng'ono, alikutola ngolo yace m'fumbi.

"Bweretsa kuno. Kodi unapenyetsetsa gudumu la sitima tsiku lija?"

"Ndinaliona. Ndi lozungulira ngati la galimoto."

"Sunalione iwe. Ca mkati mwace lili ndi mlomo wotuluka, umene umatsamira m'mphepete mwa njanji. Dula kagudumu kokulirapo pa patapatayo, ukakhomere kuseri kwa cotsekeraco."

Wamng'onoyo ayamba kudula. Alikudula, wina afunsa ngati amai ace a mnzao atuluka m'cipatala. Wina adandaula kuti masamu a dzulo anamkanika. Atsutsanako za mpira, aseka za mbuzi imene inalowa m'kalasi, wina anena kuti atate ace sanagulitsebe nshawa cifukwa mtengo ngwotsika. Kenaka wodula uja akweza mutu nati, "Tsopano ikuyenda, koma pokhota ikugwa." Pomwepo onse aiwala mbuzi ndi mpira, naweramira pa njanji ya bango. Mmodzi ayesa mpata wa pakati pa mabango awiriwo ndi kamtengo, napeza kuti pokhotapo wakula. Wina ati pakhota mwadzidzidzi, ngolo yaitali siingatsate. Ayala mitanda ya mapesi pafupipafupi, amanga ndi malegeni, ayesanso.

Munthu womvetsera bwino aona kuti m'mphindi zowerengeka anawa aphunzira zinthu zitatu zimene amisiri a njanji amazisamala kopambana: kuti gudumu likhale ndi mlomo, kuti mpata wa njanji ukhale wofanana paliponse, ndi kuti njanji izikhota pang'onopang'ono. Palibe anawalembera pa bolodi. Anaziphunzira pofunsana ndi potsutsana, ndipo nkhani za cipatala ndi za nshawa zija sizinasokoneze kanthu. Ndizo zinawakhazika pamodzi mpaka nchito inatheka. Mnyamata wokhala yekha, ngolo yace ikagwa katatu, amaiponya m'chire. Wokhala ndi anzace amapirira, cifukwa pali womseka, pali womlangiza, ndiponso pali nkhani yokoma yomvera manja ali pa nchito. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Mwina akulu aja angadabwe kumva kuti ku maiko ena masewera omwewa amacitidwa ndi madoda a imvi, ndipo palibe amawanyoza. Ku Germany, kampani ya Märklin inaonetsa tisitima toyenda pa tinjanji ta miyeso yokhazikika m'caka ca 1891 mu mzinda wa Leipzig. Ku England, Frank Hornby wa ku Liverpool anayamba kugulitsa tisitima tace m'caka ca 1920, ndipo ku London kuli bungwe la anthu okonda nchitoyi, lochedwa The Model Railway Club, limene linayamba m'caka ca 1910. Anthu otere, ena aphunzitsi, ena madokotala, ena opuma pa nchito ya njanji, amasonkhana madzulo ataweruka. Amamanga timapiri ta mapepala ndi pulasitala, timilatho, timasiteshoni ndi tinyumba, nayendetsa tisitima tao ndi magetsi. Ku Hamburg abale awiri amapasa, Frederik ndi Gerrit Braun, anatsegula nyumba yochedwa Miniatur Wunderland m'caka ca 2001. M'menemo tinjanji tonse titalumikizidwa tipitirira makilomita 15, ndipo alendo ocokera ku maiko akutali amalipira ndalama kuti akaone.

Maceza a madoda amenewo sasiyana kwenikweni ndi a pansi pa mtengo wa mango. Wina amafunsa cifukwa cace injini yace ilikuima pa mphambano, wina amadandaula za bondo lace, wina amasimba za mdzukulu amene wayamba kuyenda, kenaka onse amabwerera ku injini ija. Cosiyana ncakuti iwo amagula magudumu ndi njanji m'sitolo, pamene mnyamata wa ku Kapata amayamba ndi citini copanda kanthu. Pa awiriwa, amene ali ndi nchito yovuta ndi mnyamatayo.

Komabe pali cinthu cimodzi cimene anyamata a kuno ayenera kutengera kwa iwo, ndico muyeso. Opanga tisitima a kunja samangoyerekeza ndi maso. Amasankha nambala imodzi, nacepetsa nayo cinthu ciri conse. Muyeso wochuka kopambana umachedwa HO, ndipo pa muyeso umenewu cinthu ciri conse cimacepetsedwa ka 87: injini, munthu, mtengo ndi nyumba yomwe. Njanji zambiri za ku Ulaya zili ndi mpata wa mamilimita 1,435, ndipo pa muyesowu mpatawo umakhala mamilimita 16.5. Njanji za ku Zambia ndi ku Malawi nzopapatiza, mpata wace ndi mamilimita 1,067. Mwana wa sukulu akagawa 1,067 ndi 87 apeza mamilimita 12 ndi pang'ono, mpata wosaposa kukula kwa cala cace. Akagawanso makilomita 27 ndi 87 apeza kuti njanji yonse ya pakati pa Mchinji ndi Chipata ingatalike mamita 310, ndiko kunena mabwalo a mpira atatu olumikizana. Kasitima ka waya sikangacepe motero, comweco anyamata angasankhe nambala yao, monga 20 kapena 30. Cofunika ncakuti aisunge pa zonse, kuti woyendetsa asatalike kuposa injini yace. Mnyamata amene masamu a dzulo anamkanika uja akafuna kudziwa kutalika kwa ngolo yace, amagawa yekha popanda mkwapulo, ndipo saiwala.

Mbiri ya njanji yeniyeni ikucitira umboni anyamatawa. George Stephenson, amene anamanga njanji ya Stockton ndi Darlington ku England, yotsegulidwa m'caka ca 1825, anali mwana wa munthu wosauka wa ku migodi ya malasha. Sanadziwe kuwerenga kufikira zaka 18, pamene anayamba sukulu ya usiku. Za makina anaziphunzira ndi manja, pomasula injini imene anali kuyang'anira, kuipukuta ndi kuimanganso. Kufupi kuno, ku Kasungu, William Kamkwamba ali ndi zaka 14 anasiya sukulu cifukwa ca kusowa ndalama pa nthawi ya njala, natola zitsulo zotayidwa ndi mbali za njinga, napanga makina oyenda ndi mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ace. Pamene anali kutola zitsulozo anthu anali kumunena kuti wacita misala. Anali ndi msuweni wace ndi bwenzi lace amene anamthandiza, ndipo popanda iwo nchitoyo ikadamlemera. Si mnyamata ali yense wa pansi pa mtengo amene adzakhala Stephenson, zimenezo nzoona. Koma okonza njinga, owocherera zitsulo ndi amakanika amene Chipata imadalira tsiku ndi tsiku, ambiri a iwo manja ao anazolowera pa waya.

Tsono nkoyenera kumvanso mbali ya makolo, pakuti madandaulo ao ena ngoona. Mwana amene watumidwa ku cigayo, nasiya thumba la cimanga pa njira cifukwa waona anzace alikupanga sitima, walakwa, ndipo luso lace silimcotsera mlandu. Nchito ya pa khomo ndi ya ku sukulu ziyambe zatha. Cina coipa koposa ndi kuba. Waya wa mpanda wa munthu, waya woyanikapo zobvala, kapena sipoko ya njinga ya atate imene ikali yamoyo, si zinyalala ai. Mmisiri weniweni amapempha. Okonza njinga m'misika ali ndi masipoko othyoka ndi machubu akutha amene sawafuna, ndipo mwana wodziwa kugwada ndi kunena kuti "Zikomo atate" sabwerako cimanjamanja kawirikawiri.

Za njanji yeniyeni pafunika mau olimba. Mwana wofuna kuona mapangidwe a gudumu aime patali, ndipo akhale ndi munthu wamkulu. Asayende pakati pa njanji, asalowe pansi pa ngolo yoima, asaike mwala kapena msomali pa njanji kuti aone cimene cicitike. Njanji imene papita masiku osaona sitima ndiyo yoopsa kopambana, cifukwa anthu amaizolowera ngati njira ya ku munda. Sitima yolemera siingaime msanga monga njinga. Woyendetsa angamuone mwanayo, nagwira mabuleki, koma sitimayo ipitirirabe mtunda wautali. Ndipo amene amazula zitsulo za pa njanji kukagulitsa alikuba cinthu cimene makolo ace anaciyembekeza zaka 28.

Pali kanthu kenanso kamene anyamata okha angakakonze. Pansi pa mtengo paja atsikana saoneka kawirikawiri. Akafika amauzidwa kuti waya si wa akazi, apite akaumbe miphika ya dothi. Mau amenewa alibe maziko. Manja amene amaluka tsitsi ndi kusoka ndi singano sangalephere kupinda waya, ndipo gulu limene limathamangitsa theka la anzace limataya theka la nzeru zace. Komanso njanji yopanda siteshoni, yopanda phiri ndi mtsinje, njosakoma kuona, ndipo woumba dothi bwino ndiye angamange zimenezo.

Aphunzitsi nao angathandize popanda kuononga ndalama. Pa nthawi ya nchito za manja, kalasi lingayale njanji yace kuseri kwa sukulu, gulu lina lipange injini, lina ngolo za cimanga ndi fodya, lina mlatho, lina lilembe maina a masiteshoni kuyambira Chipata, Mchinji, Lilongwe, Salima mpaka ku doko la Nacala ku Mozambique, kumene njanjiyo imakathera pa nyanja yamcere. Rula imodzi ikwanira kalasi lonse. Koma mphunzitsi asalamule kuti pakhale cete monga pa mayeso. Akatero adzapeza tisitima togwa pokhota, cifukwa wodziwa za mlomo wa gudumu adzakhala duu, ndipo wosadziwa adzaopa kufunsa.

Ana otere sacedwa kuona pa mapu kuti njanji yao ikafika pa Chipata imathera pomwepo. Siilumikizana ndi njanji ya ku Lusaka, kapena ndi ya TAZARA imene inatha kumangidwa m'caka ca 1975 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi. Akulu akhala akukambirana zoipitiriza kudzera ku Petauke mpaka ku Serenje, ndipo pakati pa malo amenewa pali cigwa ca Luangwa ndi mapiri a Muchinga. Pa bwalo la sukulu cigwaco ndi kangalande ka madzi a mvula, ndipo anawo adzayamba kutsutsana ngati mlatho wace ukhale wa nsungwi kapena wa waya.